Galimoto ya malemu: ndani asayine kuti dzina lisinthe?

Maliro akatha, anthu akabalalika, galimoto imatsala pomwe mwiniwake anaiimika komaliza. Makiyi ali m'mbale patebulo, mpando udakali momwe anaukankhira, ndipo masiku a inshuwalansi ndi msonkho wa pamsewu akupitirira kuwerengeka ngati palibe chachitika. Pasanathe sabata wina amatenga makiyi aja, poti pali ana oti aperekezedwe, pali mapepala oti akatengedwe. Palibe amaona cholakwika, si ya pakhomo pomwepano kodi? Komatu pamaso pa lamulo, kuyambira nthawi yomwe mwiniwake anatsirizika, galimotoyo sinakhalebe ya mkazi wake, ya mwana woyamba, kapena ya mbale amene anathandizapo poigula. Yalowa m'chuma cha masiye, pamodzi ndi nyumba, ndalama za kubanki, ndi ngongole zomwe.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, mafomu amasiyana mayina, koma msana wa nkhaniyi ndi umodzi pafupifupi kulikonse. Ofesi yolembetsa magalimoto sigawa chuma cha womwalira. Siifunsa kuti woyenera galimotoyi ndani, amene ankadwazika ndani, kapena malemu analonjeza ndani. Funso lake ndi limodzi: popeza mwini dzina sangasayinenso, wapatsidwa mphamvu yosayina m'malo mwake ndani, ndipo umboni wake uli kuti? Mabanja ambiri amataya miyezi chifukwa amayambira kuofesi ya magalimoto atanyamula chikalata cha imfa chokha, n'kubwezedwa. Chikalata cha imfa chimangonena kuti munthu wamwalira. Sichinena kuti inu ndinu woyenera kugwira katundu wake.

Mphamvu yosayina imachokera kuti

Ngati malemu anasiya wilu, kawirikawiri mumakhala dzina la munthu amene anamusankha kuti ayendetse chuma chake. Koma wilu payokha nthawi zambiri sikwanira. Imayenera kukatsimikizidwa kukhoti kapena kuofesi yoona za chuma cha masiye, ndipo kumeneko kumatuluka chikalata chotchedwa probate, kapena dzina lina lofanana nalo malinga ndi dziko. Ngati wilu palibe, wachibale wapafupi amapempha khoti kuti limuike kukhala woyendetsa chumacho, ndipo amapatsidwa letters of administration. Mayina awiri, ntchito imodzi: pepala lomwe limauza banki, kampani ya inshuwalansi ndi ofesi ya magalimoto kuti siginecha ya munthu uyu ilandiridwe m'malo mwa ya malemu.

Woyendetsa chuma si mwini chuma. Apa ndi pomwe mikangano yambiri imabadwira. Iye ali ngati wosunga nkhokwe ya anthu ena: asonkhanitse katundu, alipire ngongole, agawe zotsala motsatira wilu kapena lamulo, ndipo akhale wokonzeka kufotokoza tambala iliyonse. Kukhala ndi pepala la khoti sikumupatsa ufulu wolemba galimoto m'dzina lake chifukwa choti ndiye akuthamanga ndi mapepala.

Maiko ambiri anaona kuti kukokera banja kukhoti chifukwa cha galimoto imodzi yakale n'kulizunza chabe, ndiye anaika njira yachidule ya chuma chochepa. Ku South Africa, imfa imayenera kukanenedwa kwa Master of the High Court, mkulu woona za chuma cha masiye kumeneko, pasanathe masiku 14, ndipo chuma chikakhala chosapitirira R250,000 amangopereka kalata yotchedwa letter of authority m'malo mosankha woyendetsa chuma mwa dongosolo lonse. Ku California kuli fomu ya REG 5 yomwe wolowa chuma amalumbirira n'kusintha dzina la galimoto osadutsa kukhoti, bola papite masiku 40 chimwalirireni mwiniwake. Zitsanzo ziwirizi zikungoonetsa kuti funso loyamba kufunsa kwanuko ndi lakuti: kodi njira yachidule ilipo, ndipo malire ake ndi ndalama zingati? Chenjezo n'lakuti malirewo kawirikawiri amayang'ana chuma chonse, osati galimoto yokha. Pakakhala nyumba kapena malo, njira yachidule ija nthawi zambiri imatsekeka.

Kodi galimotoyo inalidi ya malemu?

Limamveka ngati funso lachipongwe, koma ndi lomwe liyenera kuyankhidwa musanalipire loya kapena kudzaza fomu iliyonse. Tulutsani blue book, kapena chikalata chilichonse cha umwini chomwe dziko lanu limapereka, mukhale pansi muwerenge mzere ndi mzere. Anthu ambiri akhala ndi galimoto pakhomo zaka khumi osaonapo chomwe chinalembedwa m'pepalalo.

Choyamba kuyang'ana ndi dzina la banki kapena kampani yobwereketsa ndalama. Galimoto yogulidwa pangongole nthawi zambiri imakhala chikole, ndipo m'maiko ena imakhala ya wobwereketsayo mpaka ndalama yomaliza italipidwa. Ku South Africa chikalata chimasiyanitsa anthu awiri: title holder, yemwe kawirikawiri ndi banki, ndi owner, yemwe ndi woigwiritsa ntchito. Ku Britain, chikalata cha V5C chimanena pachikuto pomwe kuti si umboni wa umwini, chimangosonyeza amene akusunga galimotoyo. Ndiye dzina la malemu likhoza kukhalapo papepala, chonsecho galimotoyo ili ndi mwini wina wamphamvu kuposa banja.

Ngongole ikakhalapo, musathamangire kulipira kuchokera m'thumba mwanu. Funsani kaye wobwereketsayo, polemba kalata, zinthu ziwiri: ndalama yotsala patsiku la imfa, komanso ngati ngongoleyo inali ndi inshuwalansi ya moyo. Ngongole zambiri za magalimoto zimagulitsidwa pamodzi ndi inshuwalansi yotere, yomwe imalipira zotsala wobwereka akamwalira. Kandalama kake kamabisala m'ndalama yodulidwa pamwezi, mwakuti ngakhale malemuwo mwina anaiwala kuti ilipo. Ili ndi malire a nthawi yokanena za imfa, ndipo ili ndi zifukwa zomwe imakanira kulipira, monga matenda amene munthu anali nawo kale koma sanawaulule. Werengani pangano lake lenilenilo, osadalira zomwe wakuuzani munthu wa pafoni. Inshuwalansi ikakhala palibe, njira ndi zitatu: chuma cha masiye chilipire ngongole yonse, wolowa galimoto apemphe ngongole yatsopano m'dzina lake, kapena galimoto igulitsidwe kuti ibweze. Kungopitiriza kulipira mwakachetechete m'dzina la womwalira kumaoneka kosavuta, koma tsiku lomwe ngongole idzathe mudzapeza kuti pepala lomasula galimoto latuluka m'dzina la munthu yemwe sangasayine, ndipo mwabwerera poyambira. Ngongole ikatha, tengani kalata yochokera kwa wobwereketsa yonena kuti alibenso gawo pagalimotoyo. Popanda kalata imeneyi kompyuta ya kuofesi ya magalimoto imakana kusintha dzina.

Galimoto ya lendi yaitali ndi ya kampani yobwereketsayo basi, imabwezedwa kapena pangano limakambidwanso. Galimoto ya kuntchito ndi ya olemba ntchito. Yovuta ndi galimoto yolembedwa m'dzina la kampani ya malemu eni ake. Banja limaiona ngati ya bambo, chifukwa ndiwo ankayendera tsiku ndi tsiku, koma kampani yolembetsedwa mwalamulo imakhala munthu payokha. Chomwe chimalowa m'chuma cha masiye ndi masheya a malemu m'kampaniyo, osati galimoto. Woisayinira ndi dayilekitala amene watsala, ndipo ngati malemu anali dayilekitala yekhayo, pafunika kusankha wina kaye.

Pakakhala mayina awiri pachikalata, onani momwe analembedwera. M'madera ambiri a ku United States kachilembo kamodzi kamasintha zonse: mayina akalumikizidwa ndi "or", wotsalayo akhoza kusayina yekha, pomwe "and" amafuna onse awiri, kutanthauza kuti gawo la malemu lidzasayinidwa ndi woyendetsa chuma chake pokhapokha atalemba kuti wotsala atenge zonse. Madera ena kumeneko amalolanso munthu kulemberatu pachikalata dzina la wodzalandira galimoto iye akadzamwalira. Kwinanso mtundu wa ukwati umalowererapo: komwe okwatirana amaphatikiza chuma mwalamulo, theka la galimotoyo ndi la wotsalayo kale, ngakhale dzina lake lisaoneke paliponse.

Ndiyeno pali magalimoto awiri omwe amadwalitsa mutu kuposa onse. Ina ndi yomwe malemu anagula, kulipira ndalama yonse, koma osasintha dzina. Ili pakhomo, koma pamapepala ndi ya wogulitsa. Apa muyenera kumufunafuna wogulitsayo, ndipo umboni wanu ndi pangano la malonda, malisiti, kapena sitetimenti ya kubanki yosonyeza ndalama zikupita kwa iye. Chitani izi msanga, chifukwa nayenso akamwalira kapena kusamuka, mudzalimbana ndi chuma cha masiye cha mabanja awiri. Inayo ndi yomwe malemu anagulitsa koma dzina lawo lidakalipo. Wogula adzabwera ndi pangano lake, ndipo ngati ndi loona, woyendetsa chuma ayenera kumaliza zomwe malemu anayamba. Galimoto imeneyo si yogawana.

Masabata oyamba

Chinthu chofulumira kuposa zonse si kusintha dzina ayi, ndi inshuwalansi. Pangano la inshuwalansi linali pakati pa kampani ndi malemu. Makampani ena amapitiriza kuteteza galimotoyo kwa kanthawi m'dzina la chuma cha masiye, ena amateteza okhawo amene mayina awo analembedwa kale ngati madalaivala, ena amaona kuti chilolezo chomwe malemu anapatsa anthu kuti aziyendetsa chinatha ndi imfa yawo. Simungadziwe gulu lomwe muli popanda kufunsa. Imbani foni, nenani za imfa, funsani mwachindunji kuti: kodi uje akayendetsa mawa n'kuchita ngozi, mulipira? Yankho lake lipempheni polemba, kaya pa imelo kaya pakalata.

Pali msampha wina womwe suoneka. Banki ikadziwitsidwa za imfa imatseka akaunti, ndipo ndalama zonse zomwe zinkadulidwa zokha pamwezi zimaima: inshuwalansi, ngongole, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa. Palibe amakuimbirani. Mauthenga ochenjeza amapita pafoni ya malemu, yomwe ili m'dirowa yozima. Patapita miyezi iwiri galimoto ikuyenda yopanda chitetezo, banja osadziwa. Tengani sitetimenti ya miyezi itatu yapitayo, muchonge chilichonse chokhudza galimoto, mukonze njira ina yolipirira.

Nanga kuiyendetsa? Kunena zoona, nzeru yabwino ndi kuiimika kufikira inshuwalansi itayankha komanso woyendetsa chuma atavomera. Ikachita ngozi ilibe chitetezo, wovulala akhoza kusumira woyendetsayo komanso chuma cha masiye, ndipo ndalama zomwe zikanathandiza ana zimathera kumeneko. Ngati palibe kuchitira mwina, pakhale munthu mmodzi wodziwika woiyendetsa, ndipo achibale ena adziwe. Galimoto imene aliyense amangotenga makiyi imatha msanga, ndipo ikawonongeka palibe amavomera.

Njira ziwiri zachidule zomwe anthu amanyengeka nazo n'zofunika kuzitchula mosabisa. Yoyamba ndi kalata ya power of attorney, yopatsa munthu wina mphamvu yosayina m'malo mwako, yomwe malemu anapatsa mwana kapena mkazi wawo akudwala. Mphamvu ya kalata imeneyi pafupifupi kulikonse imafa limodzi ndi woiperekayo. Dzulo inali yovomerezeka, lero ndi pepala chabe, ndipo kusayinira nayo galimoto pambuyo pa imfa ndi mlandu. Yachiwiri ndi fomu yosinthira dzina yomwe malemu anasayiniratu osalemba tsiku, kapenanso kuyerekeza siginecha yawo n'kubweza tsiku m'mbuyo. Nthawi zonse pamapezeka wina wodziwa njira amene amati izi zitha tsiku limodzi. Zimathadi, koma tsiku la imfa linalembedwa m'kaundula wa boma, ndipo m'bale mmodzi wokwiya kapena wangongole mmodzi ndi wokwanira kufukula nkhaniyo patapita zaka. Kusinthako kumafafanizidwa, ndipo amene anagula galimotoyo mosadziwa amabwera kudzafuna ndalama zake kwa inu.

Pamasiku omwewa, woyang'anira galimotoyo achite kantchito ka mphindi makumi awiri komwe kamadzapulumutsa mkangano wa chaka. Jambulani galimotoyo mbali zonse zinayi, m'kati, ndi pomwe pamaonetsa makilomita. Lembani zomwe zilimo: tayala lapadera, jeke, sipanala ya mawilo, wailesi. Sonkhanitsani makiyi onse, apadera omwe. Tsegulani kabokosi ka kutsogolo ndi pansi pa mipando, chifukwa kawirikawiri ndi momwe mumapezeka mapepala a inshuwalansi, malisiti a kugalaja, nthawi zina blue book yeniyeniyo, yomwe iyenera kuchotsedwamo n'kusungidwa m'nyumba.

Popeza nkhani za kukhoti zimatenga miyezi, galimoto yoima nayo imafuna chisamaliro. Batire lodzaza limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6, ndipo limatsika lokha chifukwa alamu ndi kompyuta ya galimoto zimakoka moto ngakhale injini itazima. Pakatha masabata angapo likhoza kufa. Masulani waya wa ku negativi, kapena lumikizani kachaja kosunga moto. Kuliza injini mphindi zisanu pamalo amodzi sikuthandiza kwenikweni: batire silidzaza, ndipo chinyontho chimangounjikana mu ekizozi. Pamalo athyathyathya, musasiye handibuleki yokoka kwa miyezi chifukwa mabuleki amamatirira. Ikani giya ndi zotchinga kumatayala. Popani matayala mokwanira kuti asaphwatalale mbali imodzi. Petulo naye amawonongeka akakhala miyezi yambiri. Ndipo makoswe amakonda galimoto yoima, amamanga chisa pafyuluta ya mpweya n'kudya mawaya, choncho muzitsegula boneti nthawi ndi nthawi.

Ngongole kaye, kugawana pambuyo

Dongosolo lomwe malamulo ambiri amatsata ndi lakuti ndalama zoyendetsera chumacho ndi za maliro zilipidwe, misonkho ndi ngongole zitsatire, kenako olowa chuma alandire zotsala. Ngakhale wilu itanena momveka kuti galimoto ipite kwa mwana wamkazi, ngongole zikachuluka kuposa ndalama zomwe zilipo galimotoyo ikhoza kugulitsidwa. N'chifukwa chake m'maiko ambiri woyendetsa chuma amalengeza kuti onse amene malemu anali nawo ngongole abwere pasanathe nthawi yoikika. Woyendetsa chuma amene wapereka galimoto mofulumira, wangongole n'kutulukira pambuyo, akhoza kulipira kuchokera m'thumba mwake. Achibale akamamukakamiza kuti achite changu, chifukwa chake chochedwera chikhale chimenechi, ndipo achinene poyera.

Mtengo wa galimoto uyenera kudziwika, ndipo womwe umawerengedwa pakaundula wa chuma kawirikawiri ndi wa patsiku la imfa. Musaulote. Pezani wodziwa kuyesa mitengo ya magalimoto alembe lipoti, kapena ngati ndi galimoto wamba, tengani mitengo yolembedwa kuchokera kwa ogulitsa magalimoto awiri kapena atatu. Banja limakonda kuikweza mtengo chifukwa cha chikondi, wofuna kuitenga amautsitsa chifukwa akudziwa kuti giyabokosi ikulira. Pepala la munthu wapadera limatseka pakamwa onse awiri.

Galimoto sidulidwa pakati. Olowa chuma akakhala anayi, mmodzi aitenge ndipo mtengo wake uchotsedwe pagawo lake la chuma china, kapena awalipire anzakewo, kapena igulitsidwe agawane ndalama. Kulemba mayina onse anayi pachikalata kumaoneka kwachilungamo tsiku loyamba, koma kuyambira pamenepo inshuwalansi, matayala, chindapusa cha pamsewu, ngakhale kugulitsa, zonse zimafuna anthu anayi agwirizane. Sitinganene kuti n'kosatheka, koma si njira yomwe tingalangize. Chomwe mwagwirizana chilembedwe, aliyense wosiya gawo lake asayine pamaso pa wolumbiritsa anthu, chifukwa maofesi ambiri amafuna kalata yotereyi asanasinthe dzina. Mawu a pamsonkhano wa banja amauluka.

Mwana wosakwana zaka zaukulu sangasayine kusiya gawo lake, ndipo womulera sangangolitaya m'malo mwake popanda chilolezo chomwe lamulo limafuna. Galimoto ikagwera mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, kuisunga mpaka adzakule n'kumusungira chitsulo chadzimbiri. Nthawi zambiri chanzeru n'kuigulitsa, ndalama n'kuzisunga m'dzina lake motsatira dongosolo la khoti. Ndipo wachibale amene wangofika n'kunyamula galimoto ponena kuti inali ya m'bale wake, mkazi ndi ana akuyang'ana, sakutenga cholowa. Woyendetsa chuma ali ndi mphamvu yoiitanitsa kudzera kukhoti, ndipo m'maiko angapo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende.

Woyendetsa chuma akafuna kuigula yekha, asamale kawiri. Ndiye wogulitsa, ndiyenso wogula. Pakhale lipoti la mtengo, chilolezo cholembedwa cha olowa chuma onse, ndipo kwina khoti limayenera kuvomereza.

Tsiku la kuofesi ya magalimoto

Mukafika apa ntchito yaikulu yatha. Zomwe amafuna sizisiyana kwenikweni: chikalata cha imfa, pepala la khoti lopereka mphamvu kapena fomu yolumbirira ya chuma chochepa, blue book yeniyeni osati fotokope, chiphaso cha woyendetsa chuma ndi cha wolandira galimoto, fomu yosinthira umwini, kalata ya banki ngati panali ngongole, kalata ya olowa chuma ena, inshuwalansi ya mwini watsopano, komanso m'maiko ambiri chikalata chosonyeza kuti galimoto yayesedwa ndipo ili bwino kuyenda pamsewu. Pitani ndi mapepala enieni pamodzi ndi makope otsimikizidwa ndi chidindo. Pangani makope ambiri a chikalata cha imfa, asanu kapena kuposerapo, chifukwa banki, inshuwalansi, khoti ndi ofesi ya magalimoto aliyense amasunga yake. Dziwaninso kuti maofesi ena salandira chidindo chomwe chapitirira miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndiye musadinditse onse nthawi imodzi.

Pamzere wa wogulitsa, woyendetsa chuma asayina dzina lake iye mwini, n'kuonjezera kuti akusayina ngati woyendetsa chuma cha malemu uje. Salemba dzina la malemu ngati siginecha. Musafufute kapena kupaka choyera pafomu kapena pachikalata cha umwini. Maofesi ambiri amakana pepala lofufutidwa, ndipo kupeza lina kumatenga masabata. Mukalakwitsa, pemphani fomu ina.

Chomwe chimabweza anthu ambiri pawindo ndi kusiyana kwa mayina. Pa blue book pali dzina loyamba ndi la bambo, pachikalata cha imfa pali mayina atatu, papepala la khoti chilembo chimodzi chasintha, kapena mayi analembetsa galimoto ndi dzina la kwawo asanakwatiwe. Kwa inu ndi munthu mmodzi. Kwa kalaliki ndi anthu atatu. Yalani mapepala onse patebulo musananyamuke, muyerekeze chilembo ndi chilembo pamodzi ndi nambala ya chiphaso. Kusiyana kukapezeka, mankhwala ake kawirikawiri ndi kalata yolumbira yonena kuti mayinawo ndi a munthu mmodzi, yoperekezedwa ndi chikalata cha ukwati ngati ndiye gwero. Chabwino koposa n'kuonetsetsa kuti mayina onse omwe malemu ankagwiritsa ntchito alembedwa popempha pepala la khoti, chifukwa kukonza pepala la khoti litatuluka kale ndi ulendo wina.

Chachiwiri ndi manambala a galimoto. Magalimoto ambiri opangidwa kuyambira 1981 ali ndi nambala ya chasisi yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, ndipo mulibe zilembo I, O ndi Q, dala, kuti zisasokonezeke ndi 1 ndi 0. Mukaona O pachikalata, dziwani kuti wina analemba molakwika. Magalimoto opangidwira msika wa m'dziko la Japan amakhala ndi nambala ya chasisi yaifupi, yokhala ndi kamzere pakati, ndipo si cholakwika. Nambalayi imapezeka pansi pa galasi la kutsogolo, pamphuthu ya chitseko, kapena yodindidwa pachitsulo m'chipinda cha injini. Pukutani fumbi, muwerenge ndi tochi, muyerekeze ndi pepala. Onaninso nambala ya injini. Malemu ngati anasinthitsa injini zaka zapitazo osakanena kuofesi, woyesa galimoto adzaona kusiyanako, ndipo adzafuna lisiti la injiniyo, mwinanso kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yobedwa. Munthu amene ankadziwa bwino komwe injiniyo inagulidwa ndi amene kulibeyo, choncho funsani makaniko wake akadakumbukira. Kusintha mtundu wa penti nako kumafuna kukonzedwa pamapepala.

Blue book ikasowa, woyendetsa chuma ndi amene amapempha ina, kawirikawiri ndi kalata yolumbira kapena lipoti la kupolisi. Koma musanalumbire kuti yatayika, funsani kubanki ndi kwa aliyense amene malemu anakongolako. Chikalata chosowa m'nyumba nthawi zambiri sichinatayike, chinaperekedwa chikole.

Zindapusa za pamsewu ndi msonkho wotsalira zimatsekanso njira, ndipo zomwe zinachitika malemu ali moyo zimalipidwa ndi chuma cha masiye. Zomwe zabwera pambuyo pa imfa ndi za amene ankayendetsa. Musaganize kuti msonkho womwe malemu analipira upitirira: ku Britain, kuyambira mu 2014 msonkho wa galimoto susamukira kwa mwini watsopano, amayenera kulipira wake asanaiyendetse, kapena kuuza DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto kumeneko, kuti galimotoyo yaimikidwa kunja kwa msewu. Palinso malire a masiku. Ku South Africa kusintha kwa umwini kumayenera kulembetsedwa pasanathe masiku 21, ndipo maiko ena ambiri ali ndi masiku awoawo okhala ndi chilango ukachedwa. Funsani kuti masikuwo amayamba kuwerengedwa liti, pa imfa kapena patsiku lomwe woyendetsa chuma wasayina.

Ngati mwagwirizana zogulitsa, funsani ngati woyendetsa chuma angasamutsire galimoto kwa wogula mwachindunji. Maofesi ambiri amalola, ndipo mumapewa kulipira kawiri komanso kuonjezera dzina lina pa mbiri ya galimoto. Ndalama zake zilowe mu akaunti ya chuma cha masiye, osati ya munthu. Funsaninso ngati wolandira galimoto ngati cholowa amakhululukidwa msonkho wa malonda, chifukwa m'madera ambiri amatero, koma pokhapokha mutadzaza fomu yake.

Magalimoto ena amabwera ndi mchira. Minibasi, takisi kapena lole ili ndi chilolezo cha bizinesi chomwe kawirikawiri chimakhala cha munthu, osati cha galimoto, ndipo sichisamuka chokha dzina likasintha. Galimoto yomwe inalowa m'dziko mosalipira msonkho wa kasitomu chifukwa cha udindo wa malemu ikhoza kufuna chilolezo cha oona za misonkho, mwinanso kulipira msonkhowo, isanapite kwa wina. Nambala puleti yapadera yomwe malemu anagula ikhoza kutayika ngati simunaisunge galimoto isanagulitsidwe. Galimoto ikakhala m'dziko lina, pepala la khoti la kwanu silingagwire ntchito kumeneko lokha. M'maiko ambiri a Commonwealth khoti la kumeneko limalidindanso, kwina mumapempha latsopano.

Chikalata chatsopano chikatuluka, chiwerengeni mudakali pawindo: dzina, nambala ya chasisi, nambala ya injini. Kenako thetsani inshuwalansi yakale, ndipo ngati inalipidwiratu chaka chonse, pemphani zotsala zibwerere ku chuma cha masiye. Sinthani dzina kukampani yolondolera galimoto, chifukwa ikabedwa amangolankhula ndi amene ali m'kaundula wawo. Pamagalimoto atsopano, chotsani akaunti ya malemu pa pulogalamu ya pafoni yotsegulira zitseko, ndipo musanapereke kwa wogula wachilendo, fufutani pawailesi manambala a foni ndi adiresi ya kunyumba. Woyendetsa chuma asunge kope la fomu yosayinidwa, lisiti, ndi pepala lomwe wolandira wasayina kuti watenga galimoto, makiyi angati, makilomita angati, tsiku lakuti.